Za Pakhomo Pathu: Funsani Musanakwere Basi

Mwezi uno ndifuna tikambirane za munthu amene akufuna dokotala wa matenda opatsirana, ndiponso za kakhadi ka inshuwaransi ya chipatala kamene ena a ife tili nako m'thumba.

Mlongo wina wa mu mpingo mwathu, amene mwamuna wake ali pa ntchito yabwino ndithu, anakhala akutsokomola miyezi iŵiri, naonda, namatuluka thukuta usiku. Banjalo linagwirizana kuti asapite kukaima pa mzere pano pa Sadzi, koma adikire malipiro a mwezi kuti akaonane ndi katswiri ku Blantyre, popeza khadi anali nayo. Atafika pa chipatala china cholipiritsa anauzidwa kuti chipatalacho sichilandira khadi ya mtundu umenewo. Analipira za m'thumba, ndipo pomalizira pake dokotala anaŵalembera kalata yakuti akayezetse makhololo ku chipatala cha boma kwawo ku Zomba! Chinali chifuwa chachikulu. Masabata onse aja anadikira, mayiyo ankagona m'chipinda chimodzi ndi mwana wa zaka zitatu. Akuluakulu sananame kuti safunsa anadya phula.

Tiyenera kudziŵa kuti madokotala ophunzira za matenda opatsirana okha ndi oŵerengeka m'dziko muno. Sukulu yathu ya udokotala inatsegulidwa mu 1991 ku Blantyre, ndipo akatswiri ambiri amapezeka m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth. Koma zimenezi zisatidetse nkhaŵa, pakuti matenda opatsirana amene amavutitsa mabanja athu, malungo, chifuwa chachikulu, kolera ndi HIV, amayezedwa ndi kupatsidwa mankhwala kwaulere m'zipatala za boma. Mankhwala a chifuwa chachikulu amamwedwa miyezi 6 osadukiza, ndipo sagulitsidwa. Ma ARV boma linayamba kuŵapereka kwaulere mu 2004, chaka chomwenso kiliniki ya Tisungane inatsegulidwa pa chipatala chachikulu cha Zomba.

Njira yake ndi iyi: yambirani pa chipatala chaching'ono, pa Sadzi pano kapena ku Matawale, mutatenga buku lanu la kuchipatala. Chifuwa chikafika masabata aŵiri, musadikirenso. Akaona kuti matenda akula, adzakulemberani kalata yopita nayo ku chipatala chachikulu, ndipo a kumeneko ndiwo amadziŵa ngati mufunika katswiri wa ku Blantyre. Kalatayo musaipeputse; imapulumutsa dokotala ku ntchito yoyambanso kufufuza zimene anzake anapeza kale. Koma wotsegula m'mimba mwa madzi kosalekeza asafunse za kalata kapena khadi ai, athamange naye, akumumwetsa thanzi m'njira. Kolera ya mu 2022 ndi 2023 inatenga anthu oposa 1,700 m'Malaŵi muno, ndipo ife oyandikana ndi nyanja ya Chilwa timaidziŵa.

Sindikunena kuti inshuwaransi njachabe. Amene muli m'mabungwe onga MASM muli ndi mwayi, ndipo pali nthaŵi imene chipatala cholipiritsa kapena cha mishoni, monga St Luke's ku Malosa, chingakuthandizeni msanga. Chokhacho, khadi si mfungulo ya khomo lililonse. Bungwe lililonse lili ndi zipatala ndi madokotala amene linapangana nawo, ndipo mamembala ali m'magulu osiyana malinga ndi ndalama zimene amapereka pa mwezi. Choncho musanakwere basi imbani foni ku bungwe lanu, mutchule dzina la chipatala ndi la dokotalayo, mufunse ngati gulu lanu limaloledwa kumeneko. Funsaninso ngati kuonana ndi katswiri kumafuna kalata ya dokotala wamba, ngati kugonekedwa kumafuna chilolezo chawo choyamba, ndi gawo limene mudzalipire nokha, pakuti kaŵirikaŵiri bungwe silimaliza ndalama zonse. Oloŵa kumene afunse za miyezi yodikira. Mukatero imbaninso ku chipatalako, pakuti mapangano amasintha. Ine monga mphunzitsi ndimati mulembe dzina la amene wakuyankhani ndi tsiku lake, pepala siliiŵala.

China chimene ambiri timachita nacho manyazi ndicho kufunsa ngati dokotalayo ndi wovomerezeka. Dokotala aliyense wochiza anthu m'zipatala ayenera kulembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi. Jekete loyera ligulidwa pamsika, abale.

Inu achinyamata amene mumadziŵa za mafoni, imbirani makolo anu mafoni ameneŵa, ndipo onetsetsani kuti maina a ana onse alidi pa khadiyo. Ndipo inu a mvano ndi akulu ampingo anzanga, pokayendera odwala ku milaga, tikatha pemphero tizifunsa mwaulemu ngati wodwalayo anayezetsa, ndiponso ngati ana a m'nyumbamo anapita nawo kukaonedwa. Mwana wa mlongo uja anapezeka alibe matenda, ndipo anapatsidwa mankhwala omteteza. Mayi ake tsopano ali m'mwezi wachinayi wa mankhwala, ndipo Lamulungu lapitali anabweranso ku tchalitchi.