Chowumitsira usipa: kodi phindu lake liwerengedwe ndi ndani?

Pakati pa 2014 ndi 2017, amayi okonza nsomba pa doko la Chikombe ndi ku Lifuwu m'boma la Salima anayamba kuona njira yatsopano yowumitsira usipa. Ndi kanyumba ka mitengo kokutidwa ndi pulasitiki yokhuthala yolowetsa dzuwa, kokhala ndi mathandala mkati ndi mipata yodutsira mphepo. Kanabwera ndi ntchito ya Nsomba Nchuma, imene ankayendetsa ndi akatswiri a ku Chancellor College, nthambi ya boma yofufuza za nsomba ndi bungwe la WorldFish, ndi thandizo lochokera ku Canada ndi Australia. Koma thandizo limatha. Likatha, wogulitsa chowumitsirachi amayenera kukopa mayi kuti atulutse ndalama zake, ndipo apa ndi pamene pabuka mkangano: kodi amuwerengere phindu m'makwacha, kapena kuwerengako ndi msampha?

Ofuna masamu ali ndi mfundo yolimba. Ndalama imene mayiyo akupemphedwa ndi mpamba wake, mwinanso ngongole ya ku banki m'khonde yofunika kubweza ndi chiwongoladzanja. Kungomuuza kuti "n'chamakono, simudzanong'oneza bondo" n'kumupeputsa. Phindu la kanyumbaka limawerengeka ndithu. Nthawi ya dzinja usipa woyanika pamtetete umanyowa, ntchentche zimaunjikana, pofika tsiku lachiwiri wayamba fungo, ndipo mwini wake amaugulitsa motchipa kapena kuupereka kwa oweta nkhuku. Tiyerekeze kuti pa ndowa khumi ziwiri zimathera pamenepo. Mtengo wa ndowa ziwirizo, kuphatikiza wa nkhuni zimene akanagula pofutsa kapena kuwamba, ndiwo muyeso woti auike pambali pa mtengo wa chowumitsiracho, n'kuona kuti chidzabweza ndalama pakatha miyezi ingati. Naye wobwereketsa ndalama safuna nthano, amafuna nambala. Ndipo wogulitsa akalemba nambala papepala wadzimanga yekha, chifukwa chaka chikatha wogula atha kubwera ndi pepala lomwelo n'kumufunsa.

Komabe okayika sakulakwa, ndipo ine ndimawamvera kwambiri chifukwa nyanja amaidziwa. Masamu a wogulitsa amayenda ngati kuti usipa umafika padoko tsiku lililonse. Sizili choncho. Usipa amapha usiku ndi chilimira ndi nyali, kotero mwezi ukawala kwambiri nsomba zimachepa. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira, maboti amagona pamchenga masiku angapo. Chilumba cha Mbenje, chimene asodzi a ku Chikombe amadalira, mafumu a kwa Makanjira amachitseka kuyambira Disembala mpaka Epulo, miyezi yomweyo ya mvula imene kanyumbaka kamathandiza koposa. Inde, ena amaphabe kumalo ena, koma pepala losatchula zimenezi ndi loperewera. Mu Okutobala namonso, dzuwa la ku Salima limaumitsa usipa pathandala wamba kwaulere.

Palinso nkhani ya mtengo. Wogulitsa amati usipa woyera, wopanda mchenga ndi fumbi, umagulidwa mokwera. N'zoona m'masitolo akuluakulu a ku Lilongwe kumene amafuna nsomba zolongedza bwino m'mapaketi. Nanga mayi amene malonda ake amathera pa Kamuzu Road ku Salima konkuno, kumene ogula amayang'ana kukula kwa mulu n'kupempha basera? Ngati alibe njira yofikira msika wabwinowo, phindu lolembedwalo ndi la munthu wina. Pulasitiki nayo imang'ambika, ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Aliyense amene anawerengeredwa phindu izi zisanachitike anatsala ndi pepala lachabe.

Zina zabwino sizilowa n'komwe m'masamu. Mitambo ikachita bii kunyanja, mayi wa thandala wamba amasiya poto pamoto n'kuthamanga kukaanula, ana akumutsatira ndi malichero. Wa kanyumba amapitiriza kuphika. Wowamba amakhala mu utsi maso ali psuu, chifuwa chosatha. Izi n'zovuta kuziika pa kwacha, koma kwa amayi ambiri ndizo zimakhudza mtima.

Ndikaika zonse pa sikelo, ndikuona kuti kuwerengera phindu n'kofunika, pakuti kugula popanda nambala n'kugula mumdima. Vuto lagona pa mwini manambalawo. Asachokere m'buku la wogulitsa, amene naye akufuna kudya, koma kwa wogula: ndowa zingati amagula pa sabata, zingati zinamuwonongekera dzinja lathali, nkhuni amagula zingati, ndipo amagulitsa kuti. Wogulitsa woona mtima awerengenso mwezi woipa, wa mwera ndi wotseka nyanja, aikemo ndi mtengo wosinthira pulasitiki. Masamu akaonetsa kuti mayi mmodzi sangabweze yekha, anene poyera, mwina amayiwo agule pagulu.

Inu amayi a ku Chikombe, Lifuwu ndi Senga Bay, yambani kulemba m'kope zimene mukugula ndi zimene zikuwonongeka dzinja likubwerali. Wogulitsa akafika, muyambe mwamuonetsa kope lanu iye asanatulutse pepala lake.