Mpando wa chikopa kapena wa nsalu?

Galimoto zambiri zimene zikuyenda m'misewu ya Malawi, Zambia ndi Mozambique zinayamba zatumikira eni ake ena ku Japan. Kumeneko lamulo limafuna kuti galimoto ikayesedwe ikakwanitsa zaka 3, kenaka iziyesedwanso zaka 2 zilizonse, ndipo popeza kuyesetsako kumadya ndalama, ambiri amasankha kungoigulitsa. Zina zimatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa chipata cha Songwe kapena cha Nakonde, zina zimadzera ku Durban. Wogula wake kawirikawiri ndi banja limene lakhala likusunga ndalama kwa zaka, gulu la alimi, kapena bungwe laling'ono limene silidzapezanso ndalama zogulira ina msanga. Pa zithunzi zimene wogulitsa amatumiza, chimene chimakopa maso msanga ndi mipando ya chikopa, ndipo si achepa amene amawonjezera ndalama chifukwa cha iyo.

Pa galimoto imene yatha zaka 10 kapena 15, ndalama yowonjezerayo nthawi zambiri imapita pachabe. Chikopa cha m'galimoto chimakutidwa ndi utoto wopyapyala woteteza, ndipo utotowo ndi umene umawala pa chithunzi. Dzuwa, thukuta ndi kukhulika kwa tsiku ndi tsiku zimaudya pang'onopang'ono. Ukatha, chikopa chimauma, chimachita ming'alu, ndipo ming'aluyo imasanduka zibowo zoonetsa siponji. Nsalu ikang'ambika, wosoka mipando wa pamsika amaika chigamba tsiku lomwelo. Chikopa chimafuna mmisiri wodziwa, ndipo mtundu wake sufanananso ndi wakale. Ndiponso mipando yambiri yotchedwa ya chikopa ili ndi chikopa pokhalira ndi potsamira pokha. M'mbali ndi kumbuyo ndi pulasitiki wofewa wongofanana nacho. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Nyengo ya kuno nayo sichitira chikopa chifundo. Ku Chikwawa, ku Nsanje, ku Tete ndi m'chigwa cha Luangwa kutentha kumapitirira madigiri 40 mwezi wa Okutobala ndi Novembala, ndipo m'galimoto yotsekedwa imene yaima padzuwa mumatentha kuposa pamenepo. Mpando wa chikopa chakuda umawotcha mwana wovala kabudula, ndipo pa ulendo wautali malaya a dalaivala amamatirira kumsana chifukwa thukuta lilibe kolowera. Nsalu imatentha pang'ono ndipo imapititsa mpweya. Kusiyana kumeneku kumaoneka kwambiri m'galimoto yakale imene makina ake oziziritsa mpweya anafooka kale.

Chikopa sichibwera chokha. Opanga galimoto amachiika mu mitundu yapamwamba, pamodzi ndi timamota tosunthira mpando ndi mawaya otenthetsa pokhalira, zinthu zothandiza m'chisanu cha ku Hokkaido koma zopanda ntchito ku Salima. Kamota kotere kakafa, mpando umaima pamene unali, ndipo dalaivala wamfupi amavutika kuponda buleki mpaka pansi. Mpando wokoka ndi dzanja makanika aliyense amaukonza. Ndipo amene amayesa chikopa chizindikiro cha ulemerero adziwe kuti Toyota Century, galimoto imene yakhala ikunyamula akuluakulu a ku Japan kuyambira 1967, imadziwika ndi mipando ya nsalu ya ubweya wa nkhosa.

Komabe nsalu ili ndi vuto lake lalikulu: imamwa chilichonse. Fumbi la m'chilimwe, mkaka wotayika, madzi a nsomba zochokera kunyanja ndi utsi wa fodya wa mwini wake woyamba zimalowa mpaka mu siponji, ndipo m'nyengo ya dzinja mpando wonyowa umachita chuku ndi fungo losatha. Kwa banja, ili ndi vuto la sopo ndi dzuwa. Kwa galimoto ya kumudzi imene usiku imasanduka ambulansi, kunyamula mayi woyembekezera kapena wovulala pa ngozi, nkhaniyo ndi ya umoyo, pakuti magazi olowa mu siponji satsukika. Pamenepa pamafunika mpando wopukutika ndi mankhwala ophera tizilombo, koma mankhwala oterowo amawononga chikopa. N'chifukwa chake Land Cruiser 70, imene Toyota inayamba kupanga mu 1984 ndipo mabungwe othandiza anthu amaidalira m'misewu yoipa, kawirikawiri imabwera ndi mipando ya pulasitiki wolimba wotchedwa vinyl. Si yokongola, imatentha ngati chikopa chomwe, koma ndowa ya madzi ndi kansalu zimaikwanira.

Chinthu chimene ogula ambiri amaiwala n'chakuti mpando ndi mboni ya moyo wa galimoto. Manambala a makilomita akhoza kubwezedwa m'mbuyo ndi anthu achinyengo, koma m'mphepete mwa kumanja mwa mpando wa dalaivala, pamene munthu amakhula polowa ndi potuluka, simunama. Galimoto yoonetsa makilomita 60,000 koma siponji yake itaphwa ndipo msoko utamasuka, yayenda kuposa pamenepo. Wogula akhalepo, asunthe mpandowo kutsogolo ndi kumbuyo kuti amve ngati ukukhazikika, kenaka asuzumire pansi pake ndi tochi. Dzimbiri pa zitsulo zoyendamo mpando, kapena matope ouma pansi pa kapeti, zimasonyeza kuti galimotoyo inalowapo madzi, ndipo madzi ofika pamenepo afikanso ku mawaya. Akoke lamba aliyense mwadzidzidzi kuti aone ngati akugwira. Galimoto zogulitsidwa pa okushoni ku Japan zimakhala ndi pepala la woyendera, pamene m'kati mwa galimoto mumapatsidwa chilembo, kuyambira A kwa yosamalika kwambiri kutsika m'munsi. Pepala limeneli ndi loyenera kulifunsa ndalama isanatuluke. Ngati mipando yavekedwa zophimba zatsopano, wogulitsa azivule kaye.

Zophimba zomwezo, zikakhala za wogula mwini, ndi zimene zimathetsa mkangano wonse pa mtengo wochepa: mpando wa nsalu wolimba, wovekedwa chophimba cha nsalu yokhuthala chimene chimavulidwa n'kuchapidwa. Pali chenjezo limodzi lokha. Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990, galimoto zina zili ndi thumba la mpweya lotetezera pa ngozi lobisika m'mbali mwa mpando wakutsogolo, ndipo pamalopo pamakhala kachizindikiro kolembedwa SRS AIRBAG. Thumbalo limatuluka pong'amba msoko wa mpando. Chophimba cholimba chosokedwa mozungulira chingalitsekereze pa nthawi imene likufunika, choncho telala auzidwe kusiya mbali imeneyo yotsegula.