Mpesa wakale wa ku Gredos usazulidwe

M'mapiri a Sierra de Gredos, kumadzulo kwa Madrid ku Spain, muli minda ya mpesa wa Garnacha, womwe ku France amautcha Grenache. Mitengo yambiri yatha zaka zoposa 60, ndipo minda ina ili pamalo okwera mamita oposa 1,000. Kwa nthawi yaitali mphesa zake zinkagulidwa motchipa n'kusakanizidwa ndi zina, moti alimi ambiri anasiya minda n'kupita kutauni. Koma lero ndikuona kuti amene akugula vinyo wa kumeneku pamtengo wokwera sakuberedwa. Mpesa wokalamba umabala mphesa zochepa, koma mizu yake inazama m'dothi la mchenga wa granite, choncho chilala sichiufooketsa msanga. Kuzizira kwa usiku kumapiriko kumachititsa mphesa kupsa pang'onopang'ono osataya kuwawasa kwake, n'chifukwa chake vinyoyu amakhala wofiira mopepuka, wonunkhira, wosalemera pakamwa.

Ena amati mawu akuti "mpesa wakale" ndi nyambo chabe ya amalonda. Akunenako zoona, poti ukalamba pawokha sukometsa vinyo, ndipo wofulula wosasamala angawononge mphesa zabwino. Komabe taonani ntchito yosamalira mpesawu. M'minda yotsetsereka thirakitala silowa, ndiye kudulira ndi kukolola zonse n'zamanja. Chiyambireni kampani yawo yopanga vinyo ya Comando G mu 2008, Daniel Landi ndi Fernando García asonyeza kuti minda yosiyidwa ingasamalidwenso ngati vinyo wake akugulidwa bwino. Mlimi wosapeza phindu amazula mitengo, ndipo mpesa umene angabzale lero udzafika msinkhu umenewu adzukulu ake atakula kale.