Ng'ombe yamantha sitsitsa mkaka

Mlimi aliyense amene anakamapo ng'ombe amadziwa kuti pali tsiku limene bere limakhala lodzaza, koma m'ndowa mumangogwa timadontho. Kawirikawiri chifukwa chake sichikhala patali: galu anauwa pafupi ndi khola, mnyamata woweta anaimenya ndi ndodo poilowetsa, kapena wabwera kudzakama ndi munthu wachilendo. Alimi amati ng'ombeyo yabisa mkaka. Komatu siibisa dala. Chimene chasokonezeka ndi ntchito ya homoni yotchedwa oxytocin, yomwenso imathandiza mayi pobereka ndi poyamwitsa.

Mahomoni ndi timadzi timene thupi limapanga n'kutumiza m'magazi kuti tikauze ziwalo zina chochita. Oxytocin imapangidwa mu ubongo, ndipo imasungidwa m'kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nsawawa kamene kali pansi pa ubongowo. Thole likayamba kuyamwa, kapena wokama akatsuka bere ndi madzi ofunda, uthenga umafika ku ubongo ndipo oxytocin imalowa m'magazi. Pakapita mphindi imodzi kapena ziwiri, timinofu tozungulira timatumba ta mkaka timafinya, mkaka n'kutsika. Mphamvuyi siifika mphindi 10, n'chifukwa chake wokama wozengereza amasiya mkaka wambiri m'bere. Ng'ombe ikachita mantha kapena kumva ululu, oxytocin imatuluka yochepa, ndipo homoni ina yotchedwa adrenaline imachepetsa njira za magazi opita ku bere. Ng'ombe zambiri zamakolo, za linunda zija, zimafuna kuti thole likhale pafupi kuti zitsitse mkaka.

Mbiri ya homoniyi inayamba mu 1906, pamene wasayansi wa ku Britain, Henry Dale, anaona kuti madzi ochokera m'kachiwalo kaja amachititsa chiberekero cha mphaka kukungika. Dzina lakuti oxytocin linachokera ku mawu a Chigiriki otanthauza kubereka msanga. Mu 1953 Vincent du Vigneaud wa ku America anapeza njira yoipangira kunja kwa thupi, ndipo mu 1955 analandira mphoto ya Nobel. Ntchito yakeyo ndi imene inabala jakisoni amene azamba amagwiritsa ntchito m'zipatala.

Nthawi yoti mayi achire ikakwana, oxytocin ndi imene imalimbikitsa chiberekero kukankha mwana. Koma ntchito yake yaikulu imadza mwana atabadwa. Pamalo pamene nsengwa inamatirira pamatsala mitsempha ya magazi yotseguka, ndipo chimene chimaitseka ndi kukungika kwa chiberekero. Chikakhala chofewa, mayi amataya magazi. Kutaya theka la lita kapena kupitirira apo n'koopsa, ndipo vutoli lili patsogolo pa zifukwa zimene amayi amamwalirira pa uchembere padziko lonse. N'chifukwa chake bungwe la zaumoyo la WHO limalangiza kuti mayi aliyense abayidwe jakisoni wa oxytocin mwana akangobadwa, ngakhale zonse zitaoneka kuti zayenda bwino. Jakisoniyu sapezeka pakhomo, ndipo ichi n'chifukwa chimodzi chachikulu chochirira kuchipatala.

Mankhwalawa ali ndi zovuta ziwiri. Choyamba, sagwirizana ndi kutentha: ayenera kusungidwa mufiriji, pakati pa madigiri 2 ndi 8. Kumene magetsi amazimazima, kabotolo kamatha kuoneka kabwinobwino mphamvu yake itachepa kale. Mu 2018 WHO inavomereza mankhwala ena ofanana nawo, a carbetocin wosaonongeka ndi kutentha, kuti azigwiritsidwa ntchito kumene kusunga oxytocin kuli kovuta. Palinso mapiritsi a misoprostol. Makomiti a zaumoyo a m'midzi ali ndi ufulu wofunsa ngati firiji ya pachipatala chawo ikugwira ntchito, ndiponso chimene chimachitika magetsi akazima.

Chachiwiri, oxytocin woperekedwa mwana asanabadwe, pofuna kufulumizitsa matenda, amafuna mzamba wophunzira woyang'anira mayi ndi kugunda kwa mtima wa mwana. Akachuluka, chiberekero chimakungika mosapumira, mwana amasowa mpweya, ndipo chiberekerocho chikhoza kuphulika. Nkhawa yomweyi ndi imene azaumoyo ku Malawi ali nayo pa zitsamba zofulumizitsa kubereka monga mwanamphepo, pakuti palibe amene angayeze mphamvu ya zimene zili m'kapu.

Thupi la mayi limapanganso oxytocin yakeyake, ndipo apa ndi pamene abale ali ndi gawo. Khanda likagonekedwa pachifuwa cha mayi ake, khungu ndi khungu, n'kuyamba kuyamwa ola loyamba lisanathe, homoniyi imachuluka. Kupotokola kwa m'mimba kumene amayi amamva poyamwitsa masiku oyamba ndi chizindikiro chakuti chiberekero chikubwerera m'malo mwake. Koma mayi amene ali ndi ululu, manyazi kapena nkhawa, mkaka wake umachedwa kutsika ngakhale ulimo. Pamenepo apongozi kapena anansi amafulumira kunena kuti alibe mkaka, khanda n'kuyamba kupatsidwa madzi kapena phala lamadzimadzi, zimene zimatsegula khomo la matenda otsegula m'mimba. Khanda likamayamwa mwa apo ndi apo, mkaka umayambadi kuchepa. Chimene mayi wotere amasowa ndi malo abata, chakudya, munthu womulandira ntchito za pakhomo, ndi mawu omulimbitsa mtima.

Nanga bwanji za dzina lakuti "homoni ya chikondi" limene limamveka m'manyuzipepala? Pali choonadi pang'ono. Pa nkhosa, oxytocin yotuluka pobereka imathandiza make kuzindikira fungo la mwana wake ndi kumulola kuyamwa. Mwana akachotsedwa maola oyambawo, make akhoza kudzamukana. Pa anthu nkhaniyi si yapafupi chotero. Mu 2005 ofufuza a ku Zurich, m'dziko la Switzerland, analengeza kuti anthu amene anapoperedwa oxytocin m'mphuno ankakhulupirira anzawo mosavuta pa masewera a ndalama. Koma kafukufuku wamkulupo amene anabwereza zomwezo, wofalitsidwa mu 2020, sanapeze umboni wakuti zimatero kwa aliyense. Ofufuza ena a ku Amsterdam anapeza mu 2010 ndi 2011 kuti homoniyi ingachititse munthu kukondera a gulu lake, osati alendo. Choncho palibe botolo limene lingayanjanitse banja kapena kuthetsa mkangano wa malire a munda. Mwambi wakuti mwana wa mnzako ngwako yemwe sutuluka m'magazi, umachita kuphunzitsidwa.

Chimene chili chotsimikizika n'chakuti homoniyi imagwira bwino ntchito pamene pali bata, ndipo mantha amaisokoneza. Kwa mlimi, izi zikutanthauza kukama nthawi yofanana tsiku lililonse, pamalo amodzimodzi, popanda ndodo kapena phokoso, ndi kupewa chizolowezi chobaya ng'ombe oxytocin kuti itsitse mkaka popanda malangizo a dokotala wa ziweto. Kwa mlangizi wa zaumoyo, zikutanthauza kukumbutsa mabanja kukonzeratu ulendo wa kuchipatala, ndi kulola mayi kusankha munthu amene amamukhulupirira kuti akhale naye pochira, monga WHO imalangizira. Kwa abambo, zikutanthauza kutunga madzi, kuwaza nkhuni ndi kusiya mikangano m'masabata oyamba a khanda. Mlimi amene amadziwa kuti ng'ombe yokalipiridwa imabweza mkaka sayenera kudabwa mkazi wake akavutika kuyamwitsa m'nyumba yaphokoso.