ENI ZILUMBA AFUNSIDWE!

Kwaca, abale a m'makomboni!

Ife a ku Chipata, Matero ndi Kanyama tiwadziwa anthu a ku Likoma, pakuti atate ao anagwira nchito ku migodi pamodzi ndi atate athu. Kwao ndi cilumba cozingidwa ndi madzi a Mozambique, koma mbendera yace ndi ya Malawi. Cimodzimodzi Chizumulu. Anakonza zimenezi ndani? Amishoni a UMCA anakhala pa Likoma m'zaka za m'ma 1880, ndipo Angelezi ndi Apwitikizi pogawana dziko mu 1891 anasiya zilumbazo m'manja mwa Angelezi. Mu 1954 anapangananso za malire a pakati pa nyanja. Msodzi wa pa Likoma sanaitanidwe ku bwalo limenelo.

Ca kumpoto kwa nyanja nako kuli mlandu. Pangano la Angelezi ndi Ajeremani la 1890 linaika malire m'gombe la kum'mawa. A Malawi agwira pepala limenelo, a Tanzania ati malire ali pakati pa madzi. Mu 2012, mafuta atanunkhira, mkangano unabukanso, ndipo a Joaquim Chissano anaitanidwa kukayanjanitsa. Dziwani kuti pa pangano lomwelo la 1890 Angelezi anapereka cilumba ca Heligoland kwa Ajeremani monga mbuzi ya pa msika!

Taonani za Chagos. Mu 1965 Angelezi anadula zilumbazo ku Mauritius. Kuyambira 1968 kufikira 1973 anasamutsa eni ace onse kuti asilikali a Amereka amange msasa pa Diego Garcia. Mu 2019 bwalo la milandu la maiko onse ku The Hague linati Angelezi acoke. Mu 2025 maboma awiri anasaina pangano lobwezera zilumbazo kwa Mauritius, koma lakuti msasa ubwerekedwe zaka 99. Ambiri mwa osamutsidwa aja anadandaula kuti sanafunsidwe.

Ena ati, "Nanga si OAU inagamula ku Cairo mu 1964 kuti malire a atsamunda asasunthe?" Inde, ndipo tivomera, pakuti nkhondo sitiifuna. Koma lamulo limenelo silinatseke pakamwa pa munthu wobadwira pa cilumba. Mzere wa pa mapu sulowa m'bwato, sukoka khoka, suika mwana m'manda.

Ife tiudziwa ululu umenewu. Citaganya ca 1953 anatimangira osatifunsa, ndipo tinacigwetsa mu 1963. Tingakhale bwanji cete pamene anzathu agawidwa ngati thumba la cimanga?

Tsono tinena poyera: Boma lathu likalankhule ku SADC ndi ku African Union kuti pa mlandu uliwonse wa nyanja kapena wa cilumba, asodzi, amai ndi mafumu a komweko akhale pa mpando wa kutsogolo. Kanenani zimenezi ku msonkhano wa nthambi yanu.

Kwaca! Ngwee!