Zionetsero za M'misewu: Kulira kwa Osauka ndi Udindo wa Atsogoleri



1. Mafuta a galimoto akakwera mtengo, woyamba kumva ululu ndi mayi amene amakwera minibasi pa Nathenje kukagulitsa tomato kumsika wa ku Lilongwe. Kondakitala amakweza mtengo tsiku lomwelo, koma dengu la tomato silikwera molingana. Ndalama ya kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza, sopo ndi mafuta ophikira zinakwera mtengo koposa zimene mlimi amapeza. Mkwiyo umene timauona m'misewu ya m'tauni umayambira m'mabanja otere.

2. Pa 20 Julayi 2011 Amalawi anachita zionetsero chifukwa cha kusowa kwa mafuta ndi ndalama zakunja komanso ulamuliro wosamva za anthu. Anthu 20 anaphedwa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Mu Januwale 2013 bungwe loona za ufulu wa ogula la CAMA linatsogolera zionetsero zodandaula za kukwera mitengo kwa zinthu. Mu Novembala 2021 misewu inadzazanso, ndipo mu Febuluwale 2025 ogulitsa kaunjika anaguba mpaka ku Nyumba ya Malamulo. Maboma a zipani zosiyana amva dandaulo lomweli.

3. Anthu athu amadziwa kupirira chilala ndi mavuto ochokera kunja. Chimene chimawathetsa mtima ndi kuuzidwa kuti amange lamba pamene ena akuba misonkho yawo. Kafukufuku wa kampani ya Baker Tilly pa nkhani ya Cashgate anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinasokonekera m'miyezi isanu ndi umodzi yokha ya 2013. Mayiko otithandiza anaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo amene anasowa mankhwala m'zipatala ndi osauka. Mneneri Amosi anadzudzula mwamphamvu anthu opondereza amphawi ndi obera pa sikelo. Katangale ndi tchimo lomwelo, ndipo Mpingo sungakhale chete, monganso maepiskopi athu sanakhale chete mu Malichi 1992.

4. Ndime 38 ya malamulo oyendetsera dziko lino ikupatsa munthu aliyense ufulu wochita zionetsero mwamtendere ndi mopanda zida. Tikupempha atsogoleri kuti azilandira madandaulo ndi kuwayankha poyera magazi asanakhetsedwe, pakuti wakutsina khutu ndi mnansi. Apolisi akumbukire kuti moyo wa munthu ndi wopatulika. Kwa inu achinyamata tikuti: kuthyola sitolo ya mnzanu kapena kuphwanya minibasi ndi kulanga wosauka mnzanu, pamene wakuba weniweni akugona tulo tabwino. Musalole kugulidwa ndi mowa kapena ndalama kuti muchite zachiwawa.

5. Udindo wathu suthera pamsewu. M'miphakati yathu tikambirane za ndalama za chitukuko cha m'dera (CDF) ndi za zipangizo zaulimi zotsika mtengo. Tifunse makhansala ndi aphungu athu kuti ndalama zinabwera zingati ndipo zinagwira ntchito yanji. Nafenso tikane kupereka kapena kulandira chiphuphu, kaya ndi pamsewu, kuchipatala kapena kwa amfumu.

Amayi Maria, Mfumukazi ya Mtendere, atipempherere, ndipo Mulungu adalitse dziko lathu la Malawi.