KALE ANKAYEZA CHIFUŴA, LERO AKUŴERENGA MAPOINTI

Mwana aliyense amene walemba mayeso a MSCE amadziŵa kuti mapointi ochepa ndiwo ulemu. Wopeza mapointi 6 amatchuka dziko lonse, pamene wopeza 36 amangothokoza kuti wakhoza. Koma maiko amene lero akufuna antchito aluso ochokera kunja ali ndi kaŵerengedwe kotembenuza kameneka. Kumeneko wa mapointi ambiri ndiye amaitanidwa, ndipo mapointiwo amachokera pa zaka zakubadwa, maphunziro, zaka za pantchito ndi kudziŵa chinenero. Achinyamata a ku Mchinji pamodzi ndi aphunzitsi awo ayenera kumvetsa kaŵerengedwe kameneka asanagulitse ng'ombe kapena mtedza wa makolo kuti alipire munthu wowalonjeza ntchito kunja.

Boma la Mchinji, lomwe kale linkatchedwa Fort Manning, silinayambe lero kuperekeza ana ake. Agogo ambiri a kwa Mkanda, kwa Mlonyeni, kwa Zulu ndi kwa Mavwere anapita ku Halale ndi Mthandizi, ena ku Joni ndi Wenela. Masiku amenewo munthu ankangoyezedwa thupi. Chifuŵa chikakhala bwino ndipo sikelo ikavomera, ankadinda chala pa pepala nanyamuka. Njira ya ku migodi inatsekedwa mu 1974, ndege yonyamula amuna ochokera ku Joni itagwa ku Francistown m'dziko la Botswana ndi kupha anthu oposa 70. Inatsegulidwanso mu 1977, koma mu 1988 inatsekeka ndithu chifukwa cha mkangano wa kuyeza magazi. Adzukulu a amuna amenewo akadali ndi mtima wa ulendo, kungoti chipata chimene akugogodapo sichifunsanso za mphamvu za m'manja.

Dziko la Canada ndilo linayamba kusankha alendo ndi mapointi mu 1967. Lero Australia imafuna mapointi osachepera 65 kwa munthu wosafika zaka 45. Britain, pa malamulo ake a 2021, inaika mapointi 70, ndipo 50 mwa iwo amachokera pa kalata ya ntchito ya bwana wovomerezeka ndi boma, msinkhu wa luso la ntchitoyo ndi Chingerezi. Chimene chikukhudza Amalaŵi ambiri nchakuti mu Okutobala 2024 South Africa nayo inakhazikitsa njira yomweyi. Wofuna chilolezo chogwira ntchito kumeneko ayenera kukwanitsa mapointi 100, kaya chifukwa luso lake lili pa mndandanda wa maluso osoŵa m'dzikomo, kaya pophatikiza maphunziro, malipiro, zaka za pantchito ndi chinenero. Satifiketi yake iyenera kuyamba yayezedwa ndi bungwe la SAQA.

Kuti nkhaniyi imveke bwino, nkoyenera kuona kaŵerengedwe ka Canada, popeza kali poyera. Pa njira ya antchito aluso, mapointi onse ndi 100, ndipo wofuna kuloŵa pa mzere ayenera kupeza 67. Chinenero chili ndi mapointi 28, maphunziro 25, zaka za pantchito 15, zaka zakubadwa 12, ntchito yopezeratu 10, ndipo 10 otsalawo ndi a zinthu zothandiza munthu kuzoloŵera, monga kukhala ndi mbale kumeneko.

Tsono pakhale mphunzitsi wa sekondale wa zaka 30, wa digiri, amene waphunzitsa zaka 6. Digiri yake, ngati bungwe loyeza maphunziro lavomereza kuti ikufanana ndi ya ku Canada, impatsa mapointi 21. Zaka 6 za pantchito zimpatsa 15, ndipo zaka zakubadwa zimpatsa 12. Akalemba mayeso a Chingerezi a IELTS napeza 6.0 pa mbali zonse zinayi, ndiye kuti kumva, kuŵerenga, kulemba ndi kulankhula, apatsidwa 16. Zonse pamodzi zikwana 64, kutanthauza kuti waperewera ndi mapointi 3. Koma akalimbikira napeza 7.5 pa kumva ndi 6.5 pa mbali zitatu zinazo, mapointi a chinenero akwera kufika pa 20, ndipo iye afika pa 68. Apa zikuonekeratu kuti chimene chingampititse mphunzitsi ameneyu patsogolo ndi miyezi ingapo yoŵerenga ndi kumvetsera Chingerezi mwakhama. Palibe dobadoba amene angamgulitse mapointi amenewo.

Nthaŵi nayo imadya mapointi. Mapointi 12 a zaka zakubadwa amaperekedwa kwa wa zaka 18 mpaka 35, ndipo kuchokera pamenepo imodzi imachoka chaka chilichonse. Mphunzitsi uja akazengereza kufikira zaka 37, mapointi 68 aja asanduka 66, ndipo chitseko chimtsekekera. Komanso kukwanitsa 67 ndi kuloŵa pa mzere chabe. Kuyambira mu 2015, onse oloŵa pa mzere amapikisananso pa muyeso wina wa mapointi 1,200, ndipo boma limaitana okhawo amene ali pamwamba. Pa muyeso wachiŵiriwu amwayi kwambiri ndi a zaka 20 mpaka 29, pamene wa zaka 45 sapeza kanthu pa mbali ya msinkhu. Wodziŵa Chifalansa, chimene chimaphunzitsidwa m'sukulu zina za sekondale muno, amaonjezeredwa mapointi.

Nanga wongomaliza Folomu 4? Kwa iye mawu ake ndi oŵaŵa koma oona. Satifiketi ya sekondale payokha imapereka mapointi 5 okha mwa 25 aja, ndipo wopanda chaka chathunthu cha ntchito yaluso saloledwa nkomwe kupikisana. Motero ulendo wa mnyamata wa ku Kamwendo kapena mtsikana wa ku Kapiri uyenera kuyambira ku koleji ya ntchito zamanja, ku sukulu ya anamwino, ya uphunzitsi kapena ku yunivesite. Asanalipire fizi, ayambe wafunsa ngati sukuluyo ndi maphunziro akewo nzovomerezeka ndi bungwe la NCHE kapena la TEVETA, pakuti pepala limene eni dziko salizindikira, alendo sangalilemekeze. Safunsa anadya phula. Mphunzitsi wa dipuloma ya ku Domasi kapena ku Nalikule naye angachite bwino kupitiriza kufikira digiri. Australia, mwachitsanzo, imafuna kuti mphunzitsi akhale ataphunzira zaka 4 pa sukulu yaukachenjede, ndipo aonetse umboni wakuti anaphunzitsa masiku osachepera 45 moyang'aniridwa.

Mapointi ngakhale achuluke alibe ntchito popanda mapepala owachitira umboni, ndipo apa ndi pamene anthu a m'malire amapunthwa kaŵirikaŵiri. Ku Mchinji nzachilendo ayi kupeza mwana wobadwira ku chipatala cha Mwami kutsidya kwa malire, amene anayamba sukulu kwa azakhali ake ku Chipata namalizira kuno. Ena anabwereza Sitandade 8 ndi dzina latsopano ndi zaka zodulidwa. Ena pa satifiketi ya MANEB analembedwa dzina la bambo, pa chiphaso cha unzika cha mu 2017 dzina la mfunda, ndipo pa pasipoti chilembo chimodzi chinasintha. Kumudzi aliyense akudziŵa kuti ndi munthu mmodzi yemweyo. Koma kalaliki wa ku Ottawa kapena ku Pretoria samdziŵa. Iye amangoona anthu atatu, ndipo amakana onse. Choncho ntchito yoyamba ndiyo kuyala mapepala onse pa mphasa ndi kuona ngati dzina ndi tsiku lobadwa zikugwirizana. Pamene pali kusiyana, nkofunika kulumbira pamaso pa woŵeruza kapena loya ndi kukonzetsa ku ofesi imene inatulutsa pepalalo, zinthu zisanafike pothina.

Chachiŵiri ndi mapepala a maphunziro. Mabungwe oyeza maphunziro, monga WES, safuna satifiketi yokha. Amafunanso mndandanda wa magiredi wochokera ku sukulu kwenikweniko, wotumizidwa ndi sukuluyo. Amene anaphunzira pa Yunivesite ya Malaŵi akumbukire kuti mu 2021 inagaŵidwa. Polytechnic inasanduka MUBAS, sukulu ya madokotala ndi ya anamwino ya Kamuzu zinasanduka KUHeS, ndipo Chancellor College ndiyo inatsala ndi dzina lakale. Nkwanzeru kufunsiratu kumene mafailo ali.

Chachitatu ndi umboni wa ntchito. Kalata yongoti uje ndi munthu wakhalidwe labwino siikwanira. Iyenera kutchula udindo, ntchito zimene munthuyo amagwira tsiku ndi tsiku, maola a pa sabata, malipiro ndi masiku oyambira. Kalata yolembedwera ntchito, makalata osinthidwira malo ndi mapepala a malipiro nzoyenera kusungidwa mouma, kutali ndi chiswe. Chachinayi ndi kalata ya polisi yotsimikiza kuti munthu alibe mlandu. Canada imafuna kalata yotere kuchokera ku dziko lililonse kumene munthu anakhala miyezi 6 motsatizana m'zaka 10 zapitazo. Amene anagwirapo ntchito ku Chipata kapena ku Lusaka ayenera kukatenganso ya ku Zambia. Amene anapitirira masiku ku Joni adziŵe kuti kuyambira mu 2014 South Africa imaletsa otere kuloŵanso kwa chaka chimodzi mpaka zaka 5.

Mapepala ameneŵa ali ndi nthaŵi yake yothera. Zotsatira za IELTS zimatha mphamvu pakapita zaka 2, pamene chiyeso cha maphunziro chimakhala zaka 5. Mayeso a IELTS ali mitundu iŵiri, ndipo Canada pa njira imeneyi imalandira a General Training okha. Munthu akaitanidwa amapatsidwa masiku 60 kuti apereke zonse. Amene akukumbukira mmene kusindikiza mapasipoti kunaimira muno kumayambiriro kwa 2024 sangadikire kuitanidwa kuti ayambe kufunafuna pasipoti. Ndalama nazo nzofunika kuziŵerengera. Zolipira zambiri zimaŵerengedwa m'ndalama zakunja, ndipo kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Kuŵerengera mapointi pa masamba a intaneti a maboma ameneŵa nkwaulere. Wanzeru amayamba waŵerengera yekha, ndipo akapeza kuti sakufika, ndalama ya mayeso amaisunga kapena kuilipirira maphunziro.

Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Mu 2024 dziko linamva za amayi a Chimalaŵi amene anapusitsidwa ndi malonjezo a ntchito ku Oman nakazunzika m'nyumba za eni. Onyenga otere amadalira kusadziŵa kwa anthu. Mu Malichi 2025 Canada inachotsa mapointi a kalata ya ntchito pa muyeso wa 1,200 uja pofuna kuthana ndi malonda a makalata otere. Pa 22 Julaye 2025 Britain inatseka njira yotengera kunja antchito osamalira okalamba ndi odwala. Aliyense amene lero akutolera ndalama pa WhatsApp ponena kuti apezera anthu ntchito imeneyo akugulitsa chinthu chimene kulibe. Ndipo wopereka pepala labodza ku Canada amaletsedwa kwa zaka 5, ngakhale bodzalo litalembedwa ndi wina m'malo mwake.

Ena adzafunsa ngati nkoyenera kuphunzitsa aphunzitsi ndi anamwino njira yochokera m'dziko limene likuwasoŵa. Funsoli nlomveka. Mu 2023 bungwe la WHO linaika Malaŵi pa mndandanda wa maiko 55 amene ali ndi antchito azaumoyo ochepa kwambiri, kumene maiko olemera sayenera kudzakopa antchito. Mu 2004 maiko a Commonwealth anagwirizana za malamulo otengera aphunzitsi chifukwa cha nkhaŵa yomweyi. Mphunzitsi mmodzi wa sayansi akachoka pa sukulu ya sekondale yoyendera ya kumudzi, ana a Folomu 4 angathe kukaloŵa m'chipinda cha mayeso asanamalize silabasi. Komabe kubisa nkhaniyi sikungaletse ulendo. Kungangochulutsa oyenda mumdima, ogwidwa pa malire ndi oberedwa. Ndiponso zinthu zimene zimakweza mapointi kunja, digiri, Chingerezi chabwino, zaka za ntchito yokhulupirika ndi mapepala olongosoka, ndi zomwezo zimene zimakweza munthu pantchito kwawo kuno. Ambiri okonzekera sadzapita, koma sadzataya kanthu.

Amene mwayi udzawagwera achoke mwaulemu. Amalize zaka zimene analonjeza ngati anaphunzitsidwa ndi ndalama za boma, abweze ngongole ya maphunziro kuti ang'ono awo adzapeze pokongola, apereke chidziŵitso m'nthaŵi yake, ndipo asasiye kalasi pakati pa chaka. Ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Kalata ya umboni imene adzaifune maŵa idzalembedwa ndi mphunzitsi wamkulu yemweyo amene amsiya lero.

Udindo waukulu uli m'manja mwa aphunzitsi aakulu a sukulu za pulaimale ndi sekondale. Dzina ndi tsiku lobadwa zimene zikulembedwa m'kaundula wa Sitandade 1, ndi zimene zikutumizidwa ku MANEB pa Sitandade 8 ndi Folomu 4, zidzamtsata mwanayo moyo wake wonse. Nkoyenera kuti kholo liitanidwe, kalata ya kubadwa ionedwe, ndipo chilembo chilichonse chiŵerengedwe kaŵiri. Aphunzitsi a Chingerezi apatse ana mpata wolankhula ndi womvetsera, pakuti mayeso akunja amayesa pakamwa ndi khutu, pamene kuno ana ambiri anazoloŵera kuloŵeza galamala. Maofesi osunga mbiri za anthu ndi za maphunziro achepetse maulendo a ku Lilongwe ndi ku Zomba amene munthu wa ku Mchinji amayenda pofuna kukonzetsa chilembo chimodzi. Ndipo wachinyamata aliyense, kaya adzaoloka pa Mwami kaya adzakalambira pa Waliranji, agule faifi imodzi sabata ino, aikemo mapepala ake onse, ndipo aone ngati onsewo akunena za munthu mmodzi.